Kuseri kwa Sitampa

Moyang'anizana ndi geti la sukulu pali khonde la sitolo yomwe inatsekedwa kalekale. Pakhondepo pamakhala anthu awiri: wosoka nsapato kumanzere, telala kumanja. Telalayo ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wamfupi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda mbali imodzi. Yunifolomu iliyonse yolowa pageti lija inadutsa pansi pa singano yawo. Anthu amawaitana kuti Anamtchona, ndipo dzinalo amalitchula mwaulemu, ena mpaka kupinda bondo pang'ono, osadziwa kuti linayamba ngati chitonzo. Eni ake sanaiwale. Ngati pali luso limene ali nalo loposa kusoka, ndi kusunga. Amasunga mabatani a malaya amene anatha kale, tizidutswa ta nsalu tosakwana ngakhale thumba, ndi chakukhosi chimodzi chimene anachilera zaka makumi anayi ngati mwana wobala okha.

Kale dera lonselo linalibe keyala ina koma bokosi la sukulu. Lachisanu lililonse mphunzitsi mmodzi ankapalasa njinga kupita ku positi ofesi n'kubwerako ndi mtolo wa makalata womanga ndi mphira, ndipo poweruka ana ankapatsidwa makalata a makolo awo. Ntchitoyi anaikonda mphunzitsi wa jogalafe, mnyamata wa tayi ndi nsapato zowala, amene mpaka lero, imvi zili mbuu, palibe amawatchula dzina lina koma a Jogalafe.

A Jogalafe anali ndi mapu a dziko lonse, aakulu ngati chitseko chogoneka. Pa dziko lililonse ankamatapo masitampa ochokera kumeneko. Ankati, "Ana angawa sadzawaona mayiko amenewa ndi maso, koma awakhudze ndi chala." Ndipo masitampawo ankawatenga pa makalata a anthu.

Pa envulopu wamba panalibe vuto, ankangong'amba kangodya. Koma amuna amene anapita kumigodi, kumadoko ndi kuminda ya eni kunja ankalemba pa kalata ya ndege, yabuluu ija, chifukwa ndiyo inali yotsika mtengo. Linali pepala limodzi lopyapyala: umalemba mkati, n'kulipinda lokhalo kukhala envulopu. Sitampa yake inali yodinda papepala pomwepo, yosamatuka. Choncho a Jogalafe ankatenga lezala n'kudula bwinobwino kabokosi kozungulira sitampayo, ndipo pamodzi ndi sitampa pankapita mizere itatu ya mawu olembedwa kuseri kwake. Kalata iliyonse yochokera kunja inkafika kwa mwini wake ili ndi zenera. Anthu anazolowera. Akafika pazenerapo ankangolota mawu osowawo n'kupitiriza. Akadadandaula kwa yani? Bokosi linali la sukulu, ndipo masiku amenewo mphunzitsi ankangotsala pang'ono kufanana ndi Mulungu.

Bambo ake a telala anapita kunja mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankalemba mwezi ndi mwezi. Chaka chimene mtsikanayo anakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi kunabwera kalata imene anawawerengera mayi ake atakhala pamphasa, mayiwo akusenda mbatata.

"Ntchito ya kumgodi ndasiya, ndapeza ina padoko. Musalembenso ku keyala yakale. Tsopano muzilemba ku..."

Anaima. Anaika chala pabowopo, chala n'kutulukira kuseri.

"Ku chiyani? Werenga, iwe!"

"Pali zenera, amayi."

Pansi pa zeneralo bambo anapitiriza: "Ndikapanda kumva kwa inu ndidziwa kuti mwanditaya." Kumbuyo kwa kalata, pamalo olemba keyala ya wotumiza, anangolembapo dzina lawo monga ankachitira nthawi zonse.

M'mawa mwake mayi anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kupita kusukulu. Anagwada pakhomo la kalasi ana onse akuona, n'kupempha kuti aphunzitsi angomatula kasitampa kamodzi, aone kuseri, kenako amatenso.

"Kuseri kulibe kanthu, mayi, ndi guluu yekhayekha," anatero a Jogalafe, choko chili m'manja. "Mukufuna ndiphwasule dziko lonse chifukwa cha mwamuna wothawa banja? Akadakufunani akadabwera."

Mayi anapepesa. Apa ndi pamene pamawawa Anamtchona mpaka lero: mayi awo anapepesa, n'kudzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

Patapita masiku atatu, nthawi yopuma, mtsikanayo analowa m'kalasi yekha, nakwera pa desiki, n'kuyamba kutokosa sitampa ya bambo ake ndi chikhadabo. Inali kumunsi kwa mapu, yofiirira, yojambulidwa sitima yapamadzi. Ngodya imodzi inali itangoyamba kudzuka pamene dzanja linamugwira khutu. Anamumenya ndi rula kakhumi pa mfundo za zala, kalasi yonse ikuwerenga mokweza.

"Taonani mwana wa mtchona," anatero a Jogalafe, "akufuna kutsatira bambo ake wapansi pa mapu! Namtchona, khala pansi."

Dzina linamatirira kuposa guluu. Kuyambira tsikulo mapu ankagona kunyumba kwa aphunzitsi, ankabwera nawo pa tsiku la phunziro lokha. Mayi ndi mwana analemba makalata anayi ku keyala yakale, onse anabwerera. Patapita miyezi isanu ndi itatu kunafika kalata ina yabuluu, nayonso ya zenera, yaifupi: "Mwangoti zii. Chabwino. Mulungu akusungeni." Keyala sanaibwereze, poti anali atapereka kale. Imeneyo inali yomaliza. Ife amene tinakhalako kunjako timadziwa kuti chimene chimapha munthu kumeneko si kuzizira ayi, koma kutsegula bokosi la makalata n'kupeza mbee, mlungu ndi mlungu, mpaka umayamba kuwakwiyira anthu amene nawonso akukukwiyira.

Mtsikanayo anasiya sukulu chaka chomwecho. Anaphunzira kusoka kwa azakhali ake, anakwatiwa, ukwati unatha, analera ana awiri ndi makina amodzi omwewo. Mayi ake anamwalira akufunsabe Lachisanu lililonse ngati njinga yabwera. Makalata awiri a zenera aja anatsala m'kadilowa ka makina, pansi pa mabobini.

A Jogalafe anakwezedwa kukhala ahedi, kenako anapuma pantchito, mapu n'kuwapachika pabalaza pawo. Ankadutsa pakhonde paja tsiku lililonse popita kukagula nyuzipepala, ndodo m'manja, n'kupereka moni: "Wadzuka bwanji, mwana wanga?" Sankamudziwa n'komwe kuti ndi ndani. Kangapo konse anabwera ndi buluku lofuna kubweza, ndipo yankho linali limodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi: "Pepani aphunzitsi, makina afa." Makinawo akulira, phazi lili pa chopondera.

"Mlamu, makina anuwa amafa akangoona munthu mmodzi yemweyo?" ankafunsa wosoka nsapato, misomali ili kukamwa.

"Amadziwa fungo, achimwene. Sokani nsapato zanu."

Lolemba lina m'mawa kunabwera madamu ophunzitsa mbiri, atanyamula chinthu chokulunga chachitali paphewa. Madamuwa anali achitsikana, obadwira kunja, ndipo anabwera kuno zaka ziwiri zapitazo ndi sutikesi imodzi ndi maganizo odzaza lole. Chilankhulo chathu chinkatsimphina pang'ono mkamwa mwawo, koma ankachikoka chomwecho osachita manyazi.

"Amayi, ndabwera ndi wodwala," anatero, n'kuchigoneka patebulo lodulira nsalu.

"Wadwala chiyani?"

"Ukalamba. M'mphepete monse mwang'ambika. Ndikufuna mumusokere nsalu kumbuyo, mupinde mpendero, komanso katani yomuphimba. Lachisanu tikutsegulira phunziro latsopano, alilowetsa mu silabasi chaka chino. La Aafirika omwazikana kunja."

"Omwazikana ngati mabatani?"

Madamu anaseka. "Ngati mabatani, eya. Amene anatengedwa pa zombo ali m'maunyolo zaka mazanamazana zapitazo, zidzukulu zawo lero sizidziwa n'komwe kumene makolo anachokera. Amene anapita kumigodi. Amene akusambitsa nkhalamba za eni m'mayiko ozizira, ngati mayi anga. Ana athu amaphunzira mitsinje ya kutali, koma sadziwa kuti m'mbali mwa mitsinjeyo muli abale awo. Ndalimbana nawo aofesi chaka chathunthu kuti phunziroli lipatsidwe nthawi yake."

"Nanga otsala?"

"Otsala?"

"Munthu akamwazikana amasiya ena pakhomo. Iwowo ali pa tsamba liti?"

Madamu anakanda m'mutu. "Buku silinanene."

Ankalankhula uku akumasula chingwe. Pepala linafunyululuka lokha, lachikasu ngati dzino la fodya, ndipo fungo la kalasi yakale linawamenya Anamtchona kumaso. Mapu aja. Masitampa ali ndii, mazana awiri kapena kuposa, ndipo kumunsi, pamalo pomwe paja, sitima yofiirira, ngodya imodzi ikadali yodzuka.

"Atibwereka a Jogalafe," anatero madamu monyadira. "Adzavundukula okha, n'kulankhula. Kubwera makolo, kubweranso bwana woyendera sukulu. Mukwanitsa pofika Lachinayi?"

Anamtchona anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya nsalu, nawavalanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndikwanitsa. Katani ndikaikako ndekha Lachisanu m'mawa. Wina asaikhudze, mpendero ungakwinyike."

Kuseri kwa khondelo kuli kachipinda kamene amasungamo makina poweruka, ka zenera limodzi. Masana omwewo analowetsamo mapu, nayatsa mbaula ya makala a simbi, n'kuikapo ketulo. Nthunzi itayamba kutuluka pamlomo wa ketulo anayandikizapo kumunsi kwa mapu, pang'onopang'ono, monga amachitira ndi nsalu ya silika. A Jogalafe anali munthu woumira guluu wa sukulu: ankangodontheza timadontho tinayi m'makona. Nsonga ya sizasi yaing'ono inalowa pansi, ndipo sitima inadzuka yonse osang'ambika.

Anaitembenuza.

Bolopeni wabuluu, zilembo zopendekera kutsogolo ngati munthu woyenda pamphepo. Nambala ya chipinda, dzina la msewu, dzina la mzinda. Mzere wachitatu unali wakuti: "Mwana alembe yekha, ndione dzanja lake."

Palibe chimene chinafufutika, ngakhale kadontho. Zaka makumi anayi mawuwo anakhala atayang'ana kukhoma, pabalaza pa munthu, iye akumwa tiyi pansi pake. Anamtchona sanalire. Koma mfundo za zala zinayamba kuwawa ngati rula yangotsika kumene. Anamatulanso ina yoyandikana nayo, ya kalata yomaliza ija. Kuseri kwake kunali mawu akuti: "ndinasunga malaya ako amvula, ndimati ndidza"

"Mlamu, mwayamba kutcheza kachasu m'menemu?" Wosoka nsapato anasuzumira pakhomo, akukupiza nthunzi ndi dzanja. Ataona mapu ndi nkhope ya mnzakeyo analowa n'kutseka chitseko. Nkhani ankaidziwa, anaimva nthawi zosawerengeka. Anawerenga kapepalako kawiri.

"Mwapeza chanu. Tengani, mumatepo kansalu, palibe adzaone. Munthuyo wakalamba, maso akutha ndi ng'ala. Mukamenya mtembo mupindula chiyani?"

"Mtembo wake uti? Dzana unali pano ukufunsa ngati makina achira."

"Mlamu, mulekereni Mulungu."

"Mulungu ndamulekera zaka makumi anayi, achimwene. Lero wanditumizira mapu patebulo. Mukufuna achite kutsika yekha adzagwire ketulo?"

Anapitiriza kumatula. Masitampa a pa envulopu wamba ankawasiya, ankangotsata a pepala labuluu. Lililonse ankalitembenuza, kuliwerenga, n'kulemba ndi choko chosokera pamalo pake kuti asasokoneze. "Ana asasiye sukulu ngakhale." "Ndamva za maliro a bambo koma abwana akana." "Kuno dzuwa silituluka miyezi." Atafika pa lina anaima, naliyang'ana nthawi yaitali, n'kulipereka kwa wosoka nsapato.

"Dzanja ili mukulidziwa?"

Wosoka nsapato analandira akumwetulira, koma kumwetulirako kunauma. Zinali zilembo zikuluzikulu za mkulu wake, amene anapita kumigodi iye ali mnyamata ndipo sanabwerenso. Banja lonse linkamunena kuti anaiwala kwawo chifukwa cha akazi a m'tauni.

"Mwendo wakumanzere andidula. Amayi usawauze. Iwe wekha ubwere udzandi"

Anakhala pansi, pasimenti penipeni, munthu wa zidzukulu. Anayang'ana manja ake akuda ndi polishi. Ketulo inkangolira.

"Kalata imeneyi ndinawerenga ndine," anatero potsiriza, mawu ali pansipansi. "Pazenerapo ndinawauza amayi kuti mwina akupereka moni kwa asuweni."

Anamtchona anaika ulusi woyera pa singano yaing'ono kwambiri imene anali nayo.

"Mukufuna ndiitane ndani?" anafunsa wosoka nsapato.

"Aliyense amene kwawo kunafikako kalata ya zenera. Musawauze chifukwa. Muziti madamu akuitana makolo."

Masiku atatu khonde linakhala lopanda telala, ndipo amene anabwera ndi mayunifolomu anauzidwa kuti makina afa. Ntchito imene madamu anapempha anaigwira bwino lomwe: nsalu yolimba kumbuyo, mpendero wowongoka ngati wojambula ndi rula. Kenako anayamba yawo. Tizidutswa tonse makumi asanu ndi tisanu n'tiwiri anatibwezera kalikonse pa dziko lake, kotembenuza, sitampa kuyang'ana kumapu, mawu kuyang'ana kwa anthu. Guluu sanagwiritse. Anasoka pamanja, mfundo zinayi m'makona, kubaya mosamala kuti singano isadye chilembo.

Lachisanu m'mawa holo ya sukulu inadzaza. Ana anakhala pansi kutsogolo, makolo pamabenchi kumbuyo, ndipo madamu anadabwa kuona nkhalamba zambiri chotere, zina zotsogozedwa ndi zidzukulu. Bwana woyendera sukulu anakhala patebulo la nsalu yoyera pamodzi ndi ahedi. Kukhoma kunali mapu, ataphimbidwa ndi katani yobiriwira ya chingwe chokoka. Anamtchona anakhala pabenchi yachitatu, kachikwama pamiyendo.

Madamu analankhula mwachidule za zombo, za minda ya nzimbe kutsidya la nyanja, za nyimbo zimene anthu ogwidwa ukapolo anapita nazo pamene china chilichonse analandidwa. Kenako anaitana mlendo wolemekezeka. A Jogalafe anadzuka ndi suti yotuwa, buluku likukwekwera pansi poti linasowa wobweza.

"Ine," anayamba, "ndinayamba kuphunzitsa za abale athu akunja boma lisanaganize n'komwe. Mtundu umene umataya ana ake omwazikana ndi mtundu wakufa. Tiyenera kulumikizana nawo! Tiyenera kumva mawu awo!"

Anthu anaomba m'manja. Wosoka nsapato sanaombe. A Jogalafe anakoka chingwe, katani n'kugwa.

Maso awo a ng'ala sanaone kusintha kulikonse. Mapuwo ankawadziwa pamtima, choncho anakweza ndodo n'kuyamba monga ankachitira kale.

"Apa, ana inu, mukuona mbalame ya khosi lalitali. Imeneyi ndi sitampa ya dziko la migodi ya golide."

Nsonga ya ndodo inali pa mawu akuti "Ana asasiye sukulu ngakhale". Ana akutsogolo anayang'anana, wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Apa pali mutu wa mfumu yovala chisoti. Apa pali sitima yapamadzi."

Madamu anaima chilili, dzanja pachifuwa. Bwana woyendera sukulu anadzuka pang'ono pampando kuti aone bwino.

Anamtchona anakweza mkono ngati mwana wasukulu.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso."

"Funsa, mwana wanga."

"Kuseri kwa sitampa kumakhala chiyani?"

"Guluu," anayankha a Jogalafe mosaganiza n'komwe, akumwetulira poyembekeza kuti anthu aseka.

Anamtchona anadzuka. Anadutsa pakati pa ana osafulumira, natsegula kachikwama, natulutsa kalata yabuluu yofewa ngati nsalu yakale. Anaifunyulula n'kuigoneka pamapu, zenera lake pa kachidutswa ka kumunsi. Kanalowa ndendende, mbali zonse zinayi, poti lezala la a Jogalafe linkadula mwaluso. Anawerenga mokweza kuyambira pamwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba kalatayo inamveka yonse: ntchito ya padoko, chipinda, msewu, mzinda, mwana alembe yekha ndione dzanja lake, ndikapanda kumva kwa inu ndidziwa kuti mwanditaya.

A Jogalafe anatambasula dzanja n'kupapasa mapu. Zala zinakumana ndi mfundo za ulusi.

"Ndani waononga mapu anga?"

"Ndine, aphunzitsi. Namtchona. Dzinali munandipatsa ndinu, pamodzi ndi rula khumi."

"Ine ndinkaphunzitsa ana dziko!" Mawu anakwera, ndodo ikugogoda pansi. "Ana mazanamazana anadziwa dziko chifukwa cha mapu amenewa! Ena lero ndi madokotala, ena akuyendetsa ndege! Kalata munkalandira, sindinabepo kalata ya munthu. Palibe ndi mmodzi yemwe anadandaula!"

"Amayi anga anabwera. Anagwada pakhomo la kalasi lanu, atavala diresi la kutchalitchi."

Nkhalambayo inakwinya nkhope, ikufufuzadi m'mutu, ndipo zinaoneka kuti sikunama.

"Sindikukumbuka."

Mawu amenewa Anamtchona anawayembekezera, komabe anawalasa.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakuitanirani okukumbutsani."

Anatulutsa sizasi yaing'ono ija. Anadula mfundo zinayi, nakweza kachidutswa koyamba n'kuwerenga: "Ndamva za maliro a bambo koma abwana akana." Kumbuyo kunamveka kukuwa, ndipo mayi wina wogulitsa tomato pamsika anabwera akupunthwa pamabenchi, manja ali patsogolo. Anawerenga chachiwiri. Kunadzuka mpalamatabwa. Chachitatu, agogo ena amene anachita kunyamulidwa m'khwapa. Wosoka nsapato sanadikire kuitanidwa. Anabwera yekha, natenga chake, n'kuima patsogolo pa a Jogalafe.

"Mkulu wanga anandiitana, aphunzitsi. Anali ndi mwendo umodzi. Inu munali ndi mbalame ya khosi lalitali."

Sanawakhudze. Anangobwerera kukakhala.

Ahedi anayesa kuimitsa mwambo kawiri, koma palibe anawamva. Ana, amene pa misonkhano yotere amakhala akutsinana, anali duu, makosi atasololoka. Mtsikana wina wamkulu anazindikira mwadzidzidzi kuti amene akulira pabenchi ndi agogo ake, nadzuka kukawagwira. A Jogalafe anafunafuna mpando ndi dzanja, ndipo palibe anawasendezera kufikira madamu atachita okha. Anakhala pamenepo mpaka kumapeto, ndodo pakati pa miyendo, akumva mawu onse amene anasunga pabalaza pawo akuwerengedwa limodzilimodzi. Anamtchona sanadumphe ngakhale kamodzi, sanafulumire, ndipo pakati pa chidutswa ndi chinzake ankawayang'ana kumaso.

Tizidutswa khumi ndi tisanu n'tinayi tinasowa mwini. Eni ake anamwalira, kapena nawonso anamwazikana. Timeneto anatisiya pamapu.

Madzulo ake madamu anafika pakhonde nkhope ili gwaa.

"Mwandigwiritsa ntchito, amayi. Phunziro limene ndalimenyera chaka chonse mwalisandutsa bwalo la milandu, pamaso pa bwana."

"Eya, ndatero."

"Simupepesa?"

"Amayi anga anapepesa kale, mwana wanga. Zinakwanira banja lonse."

Madamu anachoka osatsanzika, ndipo mwezi wathunthu ankadutsa pageti atayang'ana kumbali.

Loweruka Anamtchona anagula pepala ndi envulopu. Analemba okha, ndi dzanja lawo la munthu wolekeza sukulu panjira, mizere isanu ndi umodzi yokha. Anati amayi anamwalira akudikira, anati sitinakutayeni, anati dzanja langa ndi ili. Bambowo akadakhala moyo akadakhala ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo nyumba za ogwira ntchito padoko sizidikira munthu. Zonsezi ankazidziwa. Anaponyabe.

Inabwerera patapita miyezi itatu, kudzera m'bokosi la sukulu lomwe lija, itadindidwa ndi inki yofiira kuti munthuyo sakudziwika. Anaibweretsa ndi madamu, ataigwira ndi manja awiri.

"Yafika yathunthu, amayi. Palibe waikhudza."

Anamtchona anaitembenuza, naona kuti ilidi yathunthu, n'kuiika m'kadilowa pamodzi ndi zinzake. Madamu sanachoke msanga. Anakhala pa benchi ya makasitomala, akuseweretsa tepi yoyezera.

"Mapu aja, a Jogalafe sanatume munthu kudzawatenga. Ndawapachika m'kalasi mwanga momwe alili, ndi mabala ake. Ana akumakangana kuti tizidutswa totsala tija n'ta ndani, ena ayamba kufunsa agogo awo. Mungabwere Lachitatu mudzawauze za otsala?"

"Ine sukulu ndinasiya ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Muwauze okha awoloke msewu, khonde ndi lomweli. Abwere ndi mayunifolomu ong'ambika, ndizilankhula ndikusoka."

A Jogalafe masiku ano nyuzipepala amakagula podzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, yotalika kawiri, ya miyala. Koma mvula ikagwa njirayo imadzaza madzi, ndipo amakakamizika kudutsa pakhonde paja, atakumbatira khoma la tsidya linalo, chipewa chili m'maso. Wosoka nsapato amangoweramira pa nsapato yake. Anamtchona amaimitsa makina, n'kudzuka, kuti mawu afike bwino.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi! Mwandikumbuka lero?"

Ndipo amakhala chiimire kudikira yankho mpaka ndodo itakhota pakona.